Giuseppe Verdi, Waganyu Amene Anagula Munda Wake

Mlendo amene akanadutsa m'chigwa cha mtsinje wa Po, kumpoto kwa dziko la Italy, m'zaka za m'ma 1880, nafika m'mudzi wa Sant'Agata dzuwa lisanatuluke, akanakumana ndi nkhalamba ya ndevu zaimvi, ya chipewa chakuda chotambalala, ikuyendera ngalande za madzi, kuona akavalo m'khola, ndi kutsutsana ndi akapitawo ake za mtengo wa tirigu ndi wa ng'ombe. Ndipo sakanaganiza mpang'ono pomwe kuti munthu wouma pakamwa ameneyu ndiye mwini nyimbo zimene masiku omwewo zinkagwetsa misozi ku London, ku Paris, ku Vienna ndi ku New York. Ambiri amene amasimba za Giuseppe Verdi amautenga mundawo ngati malo amene katswiri ankapumulirako akatopa ndi luso lake. Ine ndiona kuti munda ndi nyimbo zinali nkhani imodzi, nkhani ya munthu amene anayamba ngati waganyu m'nyumba za zisudzo za eni ake, natsimikiza mumtima kuti imfa sidzampeza akulima mizere ya wina.

Ntchito yakeyo iyenera kufotokozedwa poyamba. Opera ndi sewero limene mawu ake onse amaimbidwa, kuyambira pa moni kufikira pa mawu otsiriza a munthu wakufa, pamene gulu la oimba zingwe, zitoliro, malipenga ndi ng'oma likhala m'munsi mwa nsanja kuperekeza mawuwo. Luso limeneli linabadwira ku Italy komweko cha m'ma 1600, ndipo pofika masiku a Verdi mzinda uliwonse wodzilemekeza unali ndi nyumba yake ya opera, mmene olemera ankakhala m'tizipinda tawo ta m'mbali, akucheza ndi kupangana za maukwati, anthu wamba ali m'munsi kapena pamwamba penipeni pafupi ndi denga. Anthu amenewa sankafuna za chaka chatha. Choncho wopeka nyimbo ankaitanidwa ndi woyendetsa nyumbayo, napatsidwa mawu olembedwa ndi munthu wina, nauzidwa oimba ake ndi tsiku loyambira. Akamaliza ankalandira malipiro kamodzi kokha, ndipo mapepala ake ankasanduka chuma cha ena, amene ankawabwereketsa, kuwadula ndi kuwasintha monga afunira. Gaetano Donizetti anapeka ma opera pafupifupi 70 m'goli limeneli. Gioachino Rossini, atapeka 39, anaika cholembera pansi m'chaka cha 1829 ali ndi zaka 37, ndipo ngakhale anakhala ndi moyo zaka zina pafupifupi makumi anayi, sanabwererenso pansanja.

Verdi anabadwa mu Okutobala 1813 m'kamudzi ka Le Roncole, pafupi ndi tauni ya Busseto, m'dera la Parma, limene pa nthawiyo linali m'manja mwa Napoleon, kotero kuti kalaliki wa boma analemba dzina la mwanayo m'Chifalansa. Atakalamba ankakonda kunena kuti anali mwana wa alimi osauka, osaphunzira. Koma zoona zake n'zakuti atate ake, Carlo Verdi, anali ndi nyumba ya alendo ndi kagolosale, ankadziwa kulemba, ndipo anakwanitsa kumugulira mwana wawo limba laling'ono lakale la mtundu wotchedwa spinet. Mmisiri wina, Stefano Cavalletti, atalikonza limbalo m'chaka cha 1821, anakana malipiro chifukwa choona khama la mwanayo, nasiya kakalata m'kati mwake konena zimenezo. Asanakule n'komwe, mnyamatayo anali ataimba kale limba la m'tchalitchi cha kwawo, ndipo atapita kusukulu ku Busseto ankabwerera wapansi Lamlungu lililonse kudzatsogolera nyimbo za Misa.

Ku Busseto n'kumene anakumana ndi munthu amene anamutsegulira njira, wamalonda wolemera dzina lake Antonio Barezzi, amene ankakonda nyimbo koposa sitolo yake, nasonkhanitsa oimba a m'tauniyo m'nyumba mwake. Akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo Barezzi anachita monga mwambiwo unenera: anamulandira mnyamatayo pakhomo pake, namupatsa mwana wake wamkazi Margherita kuti azimuphunzitsa kuimba, ndipo m'chaka cha 1832 anathandiza kumutumiza ku Milan kukayesa mayeso olowera sukulu yaikulu ya nyimbo. Sukuluyo inamukana. Anali ndi zaka 18 pamene malire anali 14, anali mlendo wochokera kudera la boma lina, malo anali ochepa, ndiponso oyesawo sanakondwere ndi kaikidwe ka manja ake palimba. Zifukwazo zinali zomveka, koma Verdi sanakhululuke kufikira imfa. Ndipo pamene akuluakulu, iye atakalamba, anapempha kuti sukuluyo itchedwe dzina lake, anakana kwamtuwagalu, kotero kuti anachita kudikira kuti afe kaye. Barezzi sanabwerere m'mbuyo, koma analipira mphunzitsi wapadera, Vincenzo Lavigna, amene anamuphunzitsa mnyamatayo kwa zaka zitatu.

Mu Meyi 1836 anakwatira Margherita, ndipo anadalitsidwa ndi ana awiri, Virginia ndi Icilio. Koma chakudza sichiimba ng'oma. Virginia anamwalira mu Ogasiti 1838. Icilio anatsatira mu Okutobala 1839, kutatsala milungu yochepa kuti opera yoyamba ya atate wake, Oberto, ionetsedwe ku La Scala, nyumba yaikulu ya ku Milan. Ndipo mu Juni 1840 Margherita mwini anagwidwa ndi nthenda ya mu ubongo, nafa ali ndi zaka 26. Pa nthawi yomweyo pangano limene Verdi anasaina ndi Bartolomeo Merelli, woyendetsa La Scala, linkamukakamiza kupeka sewero loseketsa. Pano mpamene ukapolo wa ntchitoyo uonekera poyera, pakuti munthu amene waika m'manda banja lake lonse anayenera kukhala pansi ndi kupeka nthabwala, chifukwa tsiku linali litalengezedwa kale. Seweroli, Un giorno di regno, linaonetsedwa mu Seputembala 1840, anthu analikuwiza, ndipo linachotsedwa pambuyo pa usiku umodzi wokha. Patapita zaka pafupifupi makumi anayi, Verdi posimba za masiku amenewa ananena kuti maliro atatuwo anachitika m'miyezi iwiri kapena itatu, pamene mabuku a tchalitchi aonetsa miyezi 22. Sindikhulupirira kuti ankanama dala. Chisoni chinali chitawapanikiza masikuwo m'mutu mwake.

Anali atalumbira kuti sadzapekanso, koma Merelli anamukankhira m'manja mawu a sewero lolembedwa ndi Temistocle Solera, lonena za Nebukadinezara mfumu ya Babulo ndi ana a Israyeli mu ukapolo wawo. Opera imeneyi, Nabucco, inaonetsedwa pa 9 Malichi 1842, ndipo itabwerezedwa m'nyengo yotsatira ya chaka chomwecho inaimbidwa ka 57, chinthu chimene La Scala inali isanachione. M'seweroli muli nyimbo ya akapolo Achihebri akukumbukira kwawo, yotsamira pa Salimo 137, imene gulu lonse liimba ndi liwu limodzi lofatsa, ndipo kufikira lero Ataliyana amaiyesa ngati nyimbo yachiwiri ya fuko lawo. Nkhani yofala imati anthu a ku Milan, amene anali pansi pa ulamuliro wa Austria, anadziona okha mwa akapolowo usiku woyamba womwewo. Akatswiri amene afufuza nyuzipepala za nthawiyo apeza kuti nyimbo imene anthu anapempha kuti ibwerezedwe inali ina, ndi kuti ulemu wa nyimbo ya akapoloyo unakula pambuyo pake, dziko la Italy litagwirizana kale kukhala limodzi. Izi siziichepetsa nyimboyo; zingoonetsa kuti mtundu wa anthu umasankha wokha zokumbukira zake.

Zaka zotsatira iye mwini anazitcha zaka za ukaidi wa m'ngalawa, kufanizira akaidi akale amene ankamangidwa unyolo ndi kupalasa zombo. Pakati pa 1842 ndi 1850 anapeka ma opera oposa khumi ndi awiri, akuthamanga kuchokera ku Milan kupita ku Venice, Rome, Naples, Florence, London ndi Paris, akudwala m'mimba ndi pakhosi, akudandaula m'makalata ake kuti akuida ntchitoyo. Zina mwa izo n'zofooka, ndipo siziimbidwa kawirikawiri. Koma Ernani ya 1844 inamutchukitsa kunja, ndipo Macbeth ya 1847, imene anaipereka kwa apongozi ake a Barezzi, inaonetsa kuti anali atayamba kufuna zina, pakuti anawavutitsa oimba ndi kubwereza kosatha, nafuna kuti mkazi wa Macbeth akhale ndi liwu laukali ndi lamdima, losakoma ngati la mngelo. Chimene anthu sachitchula kawirikawiri n'chakuti m'zaka zomwezi ankakweza mtengo wake sewero ndi sewero, nayamba kulemba mapangano a mtundu wina ndi osindikiza ake, a banja la Ricordi: kuti azilandira gawo lake nthawi iliyonse nyumba ina ikabwereka mapepala ake, ndi kuti wodula kapena kusintha nyimbo zake alipe. Ndipo m'chaka cha 1848, pamene anthu a ku Milan anaukira asilikali a Austria nawapitikitsa m'masiku asanu, Verdi anabwerera kuchokera ku Paris ali wokondwa ngati wina aliyense. Koma chimene anachita ndi manja ake m'miyezi imeneyo chinali kugula minda ya Sant'Agata, kudera kumene makolo ake anachokera.

Sanapite yekha kumeneko. Giuseppina Strepponi, woimba wotchuka amene anaimba mu Nabucco liwu lake litayamba kale kutha, anali atakhala naye ku Paris; anali mkazi wanzeru, wodziwa zilankhulo, koma anali atabereka ana kunja kwa ukwati, ndipo awiriwo anakhala pamodzi zaka zoposa khumi asanadalitse ukwati wawo mu Ogasiti 1859. Anthu a ku Busseto anamusala mkaziyo, osamulonjera pamsewu ndi kumusiya yekha pa benchi m'tchalitchi. Ngakhale a Barezzi anaonetsa kusakondwa, ndipo Verdi anawayankha m'kalata ya 1852, mwaulemu woyenera munthu amene anam'lera koma mosagwedezeka, kuti za m'nyumba mwake sayankha kwa munthu aliyense, ndi kuti mkaziyo ayenera kulemekezedwa monga iye mwini. Apongoziwo anamva, nam'konda Giuseppina kufikira imfa yawo mu 1867. Koma tauniyo sanaikhululukire: pamene Busseto inamanga nyumba ya zisudzo ya dzina lake, yotsegulidwa mu 1868, iye anapereka ndalama zothandizira, koma phazi lake silinapondemo.

M'zaka ziwiri zokha, ali m'kati mwa mikangano imeneyi, anatulutsa masewero atatu amene dziko lonse limamudziwa nawo. Rigoletto, ya mu Malichi 1851 ku Venice, inachokera m'sewero la Victor Hugo limene boma la France linaliletsa. Ounika zolembedwa a boma la Austria anaipidwa kuona mfumu yachiwerewere pansanja, ndipo panafunika kukambirana kwautali kuti mfumu ya France isandulike wolamulira wa kadera ka Mantua. Koma pa zinthu zimene iye anaziyesa mtima wa nkhaniyo sanagonje: wanthabwala wa pabwalo la mfumuyo anakhalabe wa linunda, woipa pakamwa koma wokonda mwana wake, ndipo thumba limene iye akulitsegula pamapeto, poyesa kuti muli mtembo wa mdani wake, napezamo mwana wake wamkazi, linakhalabe pomwepo. Il trovatore inatsatira ku Rome mu Januwale 1853, ndipo mu Malichi La traviata inaonetsedwa ku Venice, nkhani ya mkazi woyendayenda wa ku Paris amene asiya mwamuna womukonda chifukwa atate a mwamunayo amupempha kutero kuti banja lawo lisachite manyazi, nafa ndi chifuwa chachikulu. Usiku woyamba sizinayende bwino; patapita chaka, mumzinda womwewo ndi oimba ena, anthu analira.

Wina akamvetsera masewero ake motsatana, aona chinthu chimodzi chikubwerabwera. Nyimbo za mnyamata ndi mtsikana okondana zilimo, ndipo n'zokoma. Koma pamene Verdi afika pozama penipeni ndi pamene bambo alankhula ndi mwana wake wamkazi: Rigoletto ndi Gilda, Miller ndi Luisa, Simon Boccanegra akupeza mwana amene anamutaya zaka zambiri, Amonasro akukakamiza Aida kusankha pakati pa mtundu wake ndi chikondi chake. Iye sananenepo kuti izi zinachokera kumanda a Virginia, ndipo sikwabwino kumuikira munthu mawu m'kamwa. Koma khutu limamva.

Ndale zinamupeza ngakhale sanazifune. M'chaka cha 1859, pamene Un ballo in maschera inavuta ndi ounika zolembedwa kufikira mfumu ya Sweden yophedwa m'nkhaniyo inasandutsidwa bwanamkubwa wa ku Boston, anthu anayamba kulemba dzina lake pamakoma, pakuti zilembo zake zisanu zinkaimiranso mawu otchula Vittorio Emanuele kukhala mfumu ya Italy. Pamene dziko linkagwirizana mu 1861, nduna yaikulu Cavour inam'pempha kuti akhale phungu m'nyumba ya malamulo yoyamba ku Turin. Anavomera monyinyirika, sanalankhule zambiri, ndipo anatulukamo mu 1865. Nkhani imene inam'khudza kwenikweni inali ya umwini wa olemba ndi opeka pa ntchito zawo, ndipo mu 1882 anali mmodzi wa atsogoleri oyamba a bungwe la olemba la ku Italy. Ngakhale a Ricordi, abwenzi ake a zaka zambiri, sanapulumuke: atawerenga yekha mabuku awo a ndalama cha m'ma 1875 napeza kuti gawo lake linkaperewera, anawalipiritsa.

Tsopano ankapeka pamene wafuna, kwa amene wafuna, pa mtengo umene watchula. St Petersburg inalandira La forza del destino mu 1862, Paris inalandira Don Carlos mu 1867. Ismail, wolamulira wa Egypt, anam'pempha sewero la nyumba yake yatsopano ya opera ku Cairo, ndipo Verdi atakana kangapo anavomera pa mtengo wa mafranki 150,000. Ambiri amati opera imeneyi, Aida, inapekedwa potsegulira ngalande ya Suez, koma ngalandeyo inatsegulidwa mu 1869, pamene Aida inaonetsedwa pa 24 Disembala 1871, itachedwa chifukwa zovala ndi zokongoletsa nsanja zinatsekeredwa mu Paris pa nkhondo ya France ndi Prussia. Nkhani yake, yochokera kwa katswiri wofukula zakale Auguste Mariette, ndi ya mwana wa mfumu ya Ethiopia amene ali kapolo m'nyumba ya Farao, nakondana ndi kazembe wa nkhondo wa adani a mtundu wake. Afrika wa m'seweroli ndi wa m'maganizo a Azungu a nthawiyo, ndipo Verdi mwini sanawoloke nyanja kukaona Cairo. Komabe n'zoonekeratu kuti mtima wa nyimbozo uli kwa wogonjetsedwayo, ngakhale malipenga a opambana ndiwo amveka patali. Mu Meyi 1874 anatsogolera Misa ya akufa imene anaipekera mlembi Alessandro Manzoni, m'tchalitchi cha San Marco ku Milan. Munthu amene sankakonda ansembe anapeka m'Misayo nyimbo ya Tsiku la Chiweruzo yochititsa nthumanzi koposa za okhulupirira ambiri.

Pamenepo anakhala chete, ndipo anthu anayesa kuti watha. Achinyamata anali atatembenukira kwa Richard Wagner wa ku Germany, amene anabadwa chaka chimodzi ndi iye, namuyesa Verdi wachikale. Iye anali kumunda, akukumba zitsime, kuika makina opopa madzi, kubzala mitengo, ndi kulemba antchito ochuluka m'zaka za njala pamene anthu a m'midzi yozungulira ankathawira ku America. Ndipo anamanga chipatala ku Villanova sull'Arda, chotsegulidwa mu 1888, chifukwa odwala a kumeneko ankafera panjira popita kutali. Koma mutu umodzi susenza denga, ndipo chimene ankasowa chinali mlembi wofanana naye msinkhu. Giulio Ricordi, mochenjera ndi modekha, anamuyanjanitsa ndi Arrigo Boito, mlakatuli amene paunyamata wake analembapo mawu onyoza luso lakale la Italy, mawu amene Verdi anawatenga ngati onena iye nawasunga zaka zambiri. Awiriwo anatulutsa Otello pa 5 Febuluwale 1887, Verdi ali ndi zaka 73, ndipo pa 9 Febuluwale 1893, ali ndi zaka 79, anatulutsa Falstaff. Imeneyi inali nthabwala, yoyamba chichokere usiku wamanyazi wa 1840. Anaipeka popanda tsiku loikidwa ndi wina, akunena kuti akungodzisangalatsa, ndipo anasunga ufulu woichotsa ngakhale pa kuyeserera kotsiriza ngati sikum'komera. Galu wamkota sakandira pachabe: nyimbo zake n'zopepuka ndi zothamanga kotero kuti ovuta kukhulupirira ankafunsa ngati n'zoona kuti zachokera kwa nkhalamba.

Giuseppina anamwalira mu Novembala 1897. Verdi anagwidwa ndi sitiroko m'chipinda chake ku Grand Hotel ku Milan pa 21 Januwale 1901, ndipo masiku amene anagona osadziwa kanthu, akuluakulu a mzinda anayala udzu pamsewu kuti phokoso la ngolo ndi ziboda za akavalo lisam'vutitse. Anatsirizika pa 27 Januwale ali ndi zaka 87. Anali atalamula kuti maliro ake akhale aumphawi, a m'mawa kwambiri kapena madzulo, opanda nyimbo, ndipo anamumvera. Koma patapita mwezi, posamutsa mtembo wake ndi wa mkazi wake, namtindi wa anthu unadzaza misewu, ndipo Arturo Toscanini anatsogolera oimba oposa 800 m'nyimbo ya akapolo Achihebri ija.

Chikalata cha chuma chake chamasiye chinalembedwa ndi dzanja lomwe lija lowerengera. Nyumba ya Sant'Agata inapita kwa Maria, mwana wa mbale wake amene iye ndi Giuseppina anamulera. Minda ina inapita ku chipatala cha Villanova. Ina ku thumba lachifundo la ku Busseto limene linam'thandiza popita ku Milan ali mnyamata, ndi lamulo lakuti chaka ndi chaka osauka 50 a ku Le Roncole azilandirapo kanthu, ndiponso kuti achinyamata awiri azilipiriridwa maphunziro, osati a nyimbo, koma a ulimi. Ndalama zochokera m'ma opera ake anazipereka ku nyumba imene anamanga ku Milan, yojambulidwa ndi Camillo Boito, mkulu wake wa Arrigo, yosungiramo oimba okalamba amene mawu awo anatha asanasunge kanthu, pakuti anali ataona ambiri otero m'zaka makumi asanu za ntchito yake. Nyumbayo inamalizidwa mu 1899, koma analetsa kuitsegula iye ali moyo, posafuna kuti wina adzam'gwadire pothokoza. Okhalamo oyamba analowa pa 10 Okutobala 1902, ndipo kufikira lero oimba okalamba akukhalamo, pamodzi ndi ophunzira nyimbo achinyamata amene m'zaka zaposachedwa analoledwa kugona m'nyumbamo ndi kudya nawo patebulo limodzi.